Kodi utsi amauyeza pa sikelo?

FUNSO: Ndimayendetsa minibasi pakati pa Limbe ndi Blantyre. Ndinamva pawailesi kuti asanamange msewu amayamba awerengera mpweya wotenthetsa dziko umene magalimoto adzatulutse. Utsi n'kuuyeza ngati nyemba? — Dalaivala, Ndirande

YANKHO: Achimwene, palibe amene amathamangira kumbuyo kwa minibasi yanu ndi thumba. Amawerenga mafuta basi. Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa mpweya wa carbon dioxide, wotenthetsa dziko uja, wolemera pafupifupi makilogalamu 2.7, pamene ya petulo ndi 2.3. Mwina mukudabwa kuti lita yopepuka chonchija ibala bwanji zolemera kuiposa. Ndi chifukwa choti poyaka mafuta amasakanikirana ndi mpweya umene injini imakoka kunja.

Tiyerekeze kuti mumathira malita 40 a dizilo patsiku. Pofika madzulo mwauluzira m'mwamba makilogalamu 108, kuposa matumba awiri a chimanga. Ndipo si utsi wakuda uja umene umakhosomoletsa amayi ogulitsa nthochi pasiteji ayi. Uwo ndi mwaye. Mpweya tikunenawu suoneka, sununkha.

Tsono omanga msewu amaima m'mbali mwa msewu ndi mapepala kuwerenga magalimoto odutsa, mtundu wake ndi mtunda umene amayenda. Kenaka amafananiza zinthu ziwiri: mafuta amene angapse msewu ukakhala momwemo, ndi amene adzapse ukamangidwa. Amawonjezanso simenti, phula ndi dizilo wa magiledala, pakuti kuphika simenti nako kumatulutsa mpweya wambiri.

Pamene ine ndimakayikira ndi apa: ambiri amalonjeza kuti msewu wotakata uthetsa mdipiti wa magalimoto, mafuta asamapsere pamalo amodzi. Zoona, zaka zoyambirira. Koma msewu ukasalala, amene ankakwera minibasi yanu amayamba kutulutsa galimoto yake, anthu 15 a m'minibasi imodzi n'kubalalikira m'magalimoto khumi. Owerengera akaiwala zimenezi, masamu awo anama.

Kwa ine chochepetsa kwambiri ndi kuchotsa katundu wolemera pamsewu. Feteleza ndi mafuta ochokera ku Nacala akabwera pasitima, tani iliyonse imadya dizilo wochepa kusiyana ndi pathiraki. Petulo wathu timamusakanizanso ndi ethanol wa nzimbe wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ngakhale inu a dizilo izi sizikukukhudzani.

Chokukhudzani ndi chizolowezi chija choliza injini pasiteji, kuponda moto kuti okwera aganize kuti mukunyamuka. Mphindi makumi awiri kondakitala akukuwa "mmodzi yekha!", mafuta akupita. Zimitsani, ndipo matayala muwapope mokwanira musanatuluke m'mawa.