Mustang ya ku Michigan ija, ndi Lark yanga yomwe ikadali pa njerwa

Lachiwiri usiku ndalandira kalata kuchokera kwa achimwene ena okhala ku Ohio, kuno ku America. Aona Ford Mustang ya 1966 pa intaneti, yofiira, ndipo wogulitsa akuti yakhala m'garaja ku Michigan zaka 30, "yosungidwa bwino". Akufuna kuigula ndi ndalama zomwe akhala akusunga, aikonze, aigulitse apezepo kangachepe. Akufunsa ngati agule.

Achimwene, kalata yanu ndaiwerenga kawiri, kenako ndatenga tochi kukayang'ana yanga.

Ine ndili ndi Studebaker Lark ya 1960. Kuno ku South Bend, Indiana, komwe Amalawi tachulukana ndi kwawo kwa Studebaker. Kampaniyi idayamba mu 1852 ndi kupanga ngolo, idadzalowa m'magalimoto pambuyo pake, ndipo fakitale ya kuno idatsekedwa mu Disembala 1963, anthu zikwizikwi n'kukhala pa ulova Khrisimasi ili pakhomo. Adapitirizako pang'ono ku Hamilton m'dziko la Canada mpaka 1966, basi nkhani n'kutha. M'tauni muno muli nyumba yosungiramo magalimoto awo akale. Ndidapitako Loweruka lina kungoperekeza ana, ndipo matenda adandilowera komweko.

Sipadathe miyezi iwiri ndidamva kuti madala ena akugulitsa Lark. Ndidafika kwawo nditaweruka kuntchito, kunja kukuchita mdima. Penti yobiriwira inkanyezimira ndi getsi la m'garaja. Mpando wakutsogolo wautali ngati benchi ya m'tchalitchi, chiwongolero chachikulu ngati lichero, m'katimo kafungo ka nsalu yakale ndi petulo. Madalawo adangopotokola kiyi kamodzi injini n'kulira. Ndidalipira pompo. Sindidagwade n'komwe kuti ndisuzumire kunsi, poopa kuda buluku la kuntchito.

Patatha sabata ndidati ndichotse kapeti kuti ndikolope. Ndikukanda ndi sikuludiraiva pomwe pamaponda dalaivala, ndidangomva fwaa, sikuludiraiva yalowa yonse. Nditasuzumira pabowopo ndidaona simenti ya garaja yanga. Wina kalekale adamatapo kachidutswa ka lata ndi phula, n'kuyalapo kapeti yatsopano. Amayi a kunyumba adaima pakhomo manja ali m'chiuno, adangoti, "Chikomekome cha mkuyu," n'kubwerera m'nyumba. Mwambiwo sadaumalize, ndidaumaliza ndekha mumtima.

Mdani wa magalimoto kuno ndi mchere. Nyengo yozizira ikafika amathira mchere m'misewu kuti chipale chisungunuke, ndipo madzi amchere aja amathovukira kunsi kwa galimoto, n'kulowa m'timipata momwe sangaume. Dzimbiri limayambira m'kati kutulukira kunja, ndiye mukamaona kotupa pa penti dziwani kuti kuseriko kudatha kale. Indiana, Ohio, Michigan, konseku nkhani ndi imodzi. Galimoto yanuyo ngati idalowa m'garaja zaka 30 zapitazo, ndiye kuti idayamba yamwa mchere zaka pafupifupi 30 zina. Garaja yachinyezi siichiritsa dzimbiri, imangolibisa.

Ndipo Mustang ili ndi vuto lake lomwe ngakhale Lark yanga ilibe. Ilibe chesisi yapayokha ngati pikapu kapena lole. Bodi ndi chesisi ndi chinthu chimodzi chowotcherera pamodzi, ndiye pansi pakawola, msana wa galimoto wathyoka. Komanso kunsi kwa galasi lakutsogolo kuli timazenera tolowera mpweya. Masamba amagweramo, madzi n'kumaima, chitsulo n'kubooka, mvula iliyonse n'kumadonthera pamapazi. Kuti mufikepo pamafunika kudula malo onse owotcherera. Si ntchito ya Loweruka limodzi.

Nthawi zina ndimaganiza za anyamata owotcherera a ku Ndirande. Akadaiona Lark yangayi akadaseka, n'kuitembenuza, pofika Lachisanu pansi ponse pali chitsulo chatsopano. Kwathu manja ngotsika mtengo, chovuta ndi sipeyala. Kuno n'zotembenuza. Za Mustang chilichonse chimapezeka chatsopano, kuyambira kanati mpaka chitseko, mumangoitanitsa pa foni. Koma munthu woti akuwotcherereni amalipiritsa pa ola, ndipo maolawo amayenda ngati madzi a pampopi. Ine ndidagula makina owotcherera kuti ndidziphunzitse. Chomwe ndidawotcha bwino mpaka lero ndi malaya awiri.

Tsono nkhani yoti mupezepo phinduyi ndi yomwe yandiyabwa. Ndikudziwa komwe maganizowo amachokera. Timaonera malonda a Barrett-Jackson ku Scottsdale, Arizona, mu Januwale, kapena a Mecum omwe amachitika ku Indianapolis mu Meyi, anthu akupikisana mitengo mpaka mutu kuzungulira. Ku Indianapolis ndidapitako ndekha. Zomwe zimagulidwa ndalama zoopsazo ndi Shelby (Mustang yapadera ya liwiro), kapena za denga lotsetsereka zija, kapena zokhala ndi injini yosowa, kapena zomwe sizidakhudzidwepo chitulukireni ku fakitale, penti yake yomweyo, mapepala onse alipo. Mustang wamba si yosowa. Idatuluka mu Epulo 1964 pa mtengo wa madola 2,368, ndipo pofika 1966 Ford inali itapanga kale zoposa miliyoni imodzi. Za 1966 zokha zidaposa 600,000. Inali galimoto ya aphunzitsi ndi masekeletale.

Ndinene mosabisa: munthu wogwira mashifiti ngati inu ndi ine, wotumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, sangalemere ndi kukonza galimoto yadzimbiri. Amene amapindula ndi yemwe adzaigule kwa inu mutatopa, pa theka la zomwe mwalowetsamo. Ndipo mawu oti "yosungidwa bwino" ndayamba kudana nawo. Galimoto yosungidwadi bwino penti yake imakhala yofwifwa, yokalipa apa ndi apo, ndipo mwini wake amakupatsani yekha katoni yogonera kuti mulowe kunsi. Yotchipa koma yonyezimira, yojambulidwa mbali imodzi yokha, imeneyo ndimaiopa. Bola ya ku Arizona yopsa ndi dzuwa, mipando yong'aluka, malabala ouma, koma chitsulo chili gwa. Mipando mumagula.

Mukapitabe kukaiona

Pitani masana, mutavala zakuntchito yakuda, ndipo musatumize ndalama iliyonse musanaikhudze ndi manja. Tengani tochi ndi kamaginito. Pomwe maginito akukana kumata m'munsi mwa zitseko ndi kuseri kwa matayala, pamenepo adamatapo phala. Tukulani kapeti. Thirani botolo la madzi pa timazenera tija, muone ngati akudontha m'kati. Nambala ya galimoto idadindidwa pa chitsulo cha m'mbali mwa injini, kumbali ya dalaivala. Ifanane ndi ya pa title, lomwe ndi bulu buku ya kuno. Ya pachitseko musaidalire, zitseko amasintha. Chilembo chachisanu chimanena injini yomwe idabadwa nayo: T ndi ya masilinda 6, C ndi A ndi ya masilinda 8 yotchedwa 289 V8, K ndi yamphamvu yosowa ija.

Musayerekeze kubwerera nayo ku Ohio mukuyendetsa. Ya 1966 mabuleki ake onse amadalira kachitini kamodzi ka mafuta, paipi imodzi ikaphulika mulibe buleki kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Yangayi ndidaiyendetsa tsiku logula lija, osadziwa. Pano ili pa njerwa chaka chachitatu, ndipo amayi a kunyumba ayamba kuyanika nkhwani pa boneti.