Yankho kwa azakhali pa za rimegepant

Azakhali, mwaswera bwanji uko ku Leeds? Ndamva funso lanu: akuti adokotala akuletsani sumatriptan, mankhwala aja a mutu waching'alang'ala, chifukwa cha vuto la mtima lija, akupatsani rimegepant, ndiye mukufunsa ngati ndi panado wamphamvu chabe. Ayi azakhali, si panado. Ndalankhula m'malo molemba chifukwa nkhaniyi ndi yaitali pang'ono.

Mutu waching'alang'ala ukamayamba, uja umakugonetsani m'chipinda chamdima mutatseka makatani, mtsempha wina wa kumutu ndi kumaso wotchedwa trigeminal umatulutsa kamthenga kotchedwa CGRP. Ndi kapuloteni kakang'ono, kokhala ndi tizidutswa 37 tolumikizana ngati mkanda. Kakatuluka kamakafikira pa khomo lake, lomwe madokotala amati receptor. Kakalowa pamenepo mitsempha ya magazi imafutukuka, uthenga wa ululu n'kumakulirakulira.

Tsono mvetserani apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Khomo limeneli si chinthu chimodzi ayi. Ndi mapuloteni awiri ogwirana, wina CLR, wina RAMP1, ndipo pamene akumanirana, kunja kwa selo, pali kamphako. CGRP akafika amayamba wakola mchira wake m'kamphako kameneko, akagwira bwino ndiye mutu wake umalowa mkati n'kutsegula. Rimegepant ndi kamankhwala kakang'ono kwambiri kuposa CGRP, kopangidwa kuti kakwane ndendende m'kamphako kaja, mbali ina katatsamira CLR, mbali ina RAMP1. Mukukumbuka loko wa pa nkhokwe ya agogo, ana atathyoleramo kamtengo ka machesi? Kiyi analipo, wake weniweni, koma analibe polowera. Ndi zomwezo. Mankhwalawo satsegula kalikonse, amangokhala pa malopo, CGRP n'kusowa pokola.

Asayansi anazionadi zimenezi mu 2010, atajambula khomoli mankhwala oyambirira a mtundu umenewu, olcegepant ndi telcagepant, ali m'kati mwake. Chomwe chimandisangalatsa ine n'chakuti kachidutswa kamodzi kokha ka RAMP1, ka nambala 74, n'kosiyana pakati pa munthu ndi khoswe, ndipo chifukwa cha kameneko mankhwala aja amagwira mwamphamvu pa munthu koma mofooka pa khoswe. Kamodzi kokha, azakhali!

Sumatriptan uja amagwira pa khomo lina, la kamthenga kena kotchedwa serotonin, ndipo amafinya mitsempha ya magazi. Safinya ya kumutu yokha, ngakhale ya kumtima imafinyikako. N'chifukwa chake adokotala akuchotsani pamenepo, ndipo ine ndikuona kuti achita bwino. Rimegepant safinya mitsempha.

Koma musamutenge ngati switi. Telcagepant uja anamusiya asanafike pamsika chifukwa ankavutitsa chiwindi mwa anthu ena. Atsopanowa, ubrogepant yemwe anavomerezedwa ku America mu 2019 ndi rimegepant mu 2020, anawayeza pa nkhani imeneyo, komabe amaphwanyidwa m'chiwindi momwemo. Ndiye mankhwala ena amawasokoneza: clarithromycin, wopha mabakiteriya, ndi ritonavir, wa HIV, amachititsa kuti achulukane m'magazi, pomwe rifampicin wa TB amawathamangitsa msanga asanagwire ntchito. Chonde, chilichonse chomwe mukumwa, ngakhale mankhwala azitsamba amene amakutumizirani kuchokera kumudzi, kawauzeni a ku famase musanayambe.

Pa bokosi lanu mwina palembedwa Vydura, lomwe ndi dzina lina la rimegepant, 75 mg. Manja akhale ouma, musamakankhe piritsi kuti libowole pepala, limafumbutuka. Sendani pepalalo, liyikeni pa lilime kapena pansi pake, lisungunuka lokha popanda madzi. Limodzi basi pa maola 24, ngakhale mutu utabwereranso madzulo. Ndipo imwani mukangomva kuti wayamba, musadikire kuti mufike posanza.

Mukamwa koyamba mundiuze kuti papita nthawi yaitali bwanji musanapepukidwe. Mupereke moni kwa atsibweni.