Ayi amalume, sitigwira mbalamezi

Eee, amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva uthenga wanu uja, ndaseka mpaka misozi. Mukuti pachithunzi chija ndanyamula magalasi oonera patali koma legeni sikuoneka, ndiye ndiwo zake ndimapeza bwanji? Ayi amalume, kuno ku England mbalame sitigwira. Timangoyang'ana basi, n'kubwerera kunyumba chimanjamanja. Ndipo lamulo lawo la 1981 limateteza mbalame zakutchire, zisa ndi mazira omwe. Ulimbo uja munandiphunzitsa kumunda, kuno ungandilowetse m'chitokosi.

Mwafunsanso kuti ndimayenderanji tsiku lathunthu ngati ndilibe ya basi. Iyayi, ya basi ilipo. Nkhani ndi yoti kuno miyezi yozizira ija dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko, ndiye ukamagwira ntchito yausiku umatha sabata osaliona. Ikafika nyengo imene amati spring, kuyambira Malichi mpaka Meyi, mitengo yophukira, kunja kukuwala mpaka cha m'ma 9 usiku, miyendo imayabwa yokha.

Pachithunzipo ndi pa ngalande imene imachoka kuno ku Leeds kukafika ku Liverpool. Musaganize za ngalande zakumunda, iyi ndi yodutsa maboti, yokumba anthu ndi manja, mamailosi 127, anaimaliza mu 1816. M'mbali mwake muli kanjira kamene kale mahatchi ankayendamo akukoka maboti a malasha. Ndiye mulibe zitunda, umangoyenda. Loweruka lija ndinanyamuka m'mawa mpaka ku Bingley, kumene kuli zitseko za madzi zosanjikizana kasanu ngati masitepe, boti kumakwera phiri inu mukuona. Koma ndinachita uchitsiru, ndinavala nsapato zatsopano. Matuza ake! Pobwerera ndinakwera sitima nsapato zili m'manja.

Panjirapo ndinaona chimbalame chotuwa chonga kakowa koma chachikulu, chitaima ndi mwendo umodzi, phee, ngati mlonda wagona choimirira. Kenako kambalame kabuluu kogwira nsomba kaja amati kingfisher kanadutsa pamwamba pa madzi, ndisanakweze n'komwe magalasi kapita. Gogo wina wachizungu amene anali pafupi anandigwira pamkono osalankhula, kungoloza. Anthu akuno sapatsana moni mumsewu, koma pa mbalame amasanduka abale.

Koma zenizeni zili kunyanja yamchere, amalume. Malo ena amati Bempton Cliffs, kum'mawa kwa Yorkshire, amayang'anira ndi bungwe loteteza mbalame la RSPB. Ndi maphompho a miyala yoyera, kutalika kwake kuposa mamita 100, ndipo mbalame pafupifupi theka la miliyoni zimabwera kudzaswana pamenepo. Usanazione umayamba wamva fungo, ngati khola la nkhuku losasesa chaka. Kenako phokoso, msika wa Limbe uchepa. Pali zina zazikulu zoyera, mutu wachikasu, amati gannet, zimapinda mapiko n'kudzigwetsa m'madzi ngati mkondo. Palinso tina tamilomo yamitundumitundu, puffin, timene aliyense amadzera. Ine ndinadikira ola lathunthu mphepo ikundimenya, n'kuona kamodzi kokha, kakang'ono kuposa nkhunda yonenepa, katabisala mumng'alu.

Tsono mverani ichi, chifukwa ndi chimene ndimafuna ndikuuzeni. M'mwezi wa Epulo ndili pa ngalande pomwepo, ndinangoona anamzeze. Eee, namzeze weniweni, wamchira wamphanda uja amadzaza pa mawaya nthawi yadzinja kwathu. Ndinaima ngati ndakumana ndi munthu wa kumudzi. Iwowa amaswana kuno ku Ulaya, kukayamba kuzizira cha mu Seputembala amanyamuka, kuwoloka chipululu cha Sahara, kutsikira kumwera kwa Africa. Akunowa ambiri amakafika ku South Africa. Anazitsimikiza kalekale: kena anakaveka kamphete kumwendo ku Staffordshire, kuno ku England, mu 1911, kanakapezeka ku Natal mu Disembala 1912. Kanthu koti mungakafumbate m'dzanja limodzi, ulendo wa makilomita pafupifupi 10,000 kupita kokha, ndiye chaka ndi chaka kupita ndi kubwera. Ine zaka zinayi tsopano ndikungosonkha ya ndege.

Ndiye mvula ikayamba kumeneko mukawaona pa mawaya, muwauze ana aja asawalase. Sindikunena kuti ndi omwewa ayi, koma mwina ndi achibale awo.

Aaa, foni ikutha moto. Za malata zija ndamva, ndituma pakutha pa mwezi. Mundiperekere moni kwa azakhali, muwauze matuza apola.