Futura pa pulogalamu ya ukwati? Mayina okha, achemwali

Achemwali ena andilembera pa imelo kufunsa ngati angalembe pulogalamu yonse ya ukwati wa mng'ono wawo mu Futura, mtundu wina wa zilembo zosindikizira, poti akuti imaoneka yaukhondo. Achemwali, funso lanuli landikhudza, chifukwa nkhani imeneyi ndakhala ndikukangana nayo ndi makasitomala chiyambireni ntchito yokonza makadi ndi maposta.

Futura ndimaikonda kwambiri. Anaijambula Paul Renner wa ku Germany, ndipo kampani ya Bauer ya ku Frankfurt inaitulutsa mu 1927. Tayang'anani O wake, wozungulira ngati lichero. A ndi M zili ndi nsonga zakuthwa, j ndi kamzere kowongoka ndi kadontho pamwamba basi, ndipo palibe chilembo chokhala ndi timapazi kumapeto. Chikwangwani chimene a Apollo 11 anasiya kumwezi mu 1969 chinalembedwa ndi zilembo zimenezi. Renner yemweyo a Nazi anamumanga mu 1933 n'kumuchotsa ntchito pa sukulu ya zosindikiza ku Munich, atadzudzula poyera maganizo awo pa zaluso.

Koma chaka china mkulu wa kwaya ina anaumirira kuti kabuku kawo ka nyimbo kalembedwe konse mu Futura yowonda, saizi 9, kuti mapepala achepe. Ndinawapempha kuti tiyese kaye tsamba limodzi, anakana. Tsiku la mwambo ndinakhala kumbuyo kwa agogo ena. Anatalikitsa kabukuko, n'kukabweretsa pafupi ndi mphuno, n'kupukuta magalasi ndi nsonga ya chitenje. Kenako anangokatseka n'kuyamba kudzikupiza nako, nyimbo akuimba zapamtima. Zinandiwawa, chifukwa agogo aja nawonso anasonkha ndalama ya kabukuko.

Vuto lake nali. Mu Futura, a wamng'ono ndi o amene angomuikira kamzere kumbali. Zilembo zikachepa, awiriwa amafanana, ndipo m'Chichewa mawu ambiri adzaza ndi a ndi o. Onjezani kuti zilembo zake zazing'ono n'zazifupi pomwe b, d ndi l zatalika, ndiye inki ya fotokope ikazilala, maso amalema msanga. Ine ndikunenetsa kuti wolemba ndime zazitali za Chichewa mu Futura yaing'ono akudzisangalatsa yekha, owerenga sakuwaganizira.

Ngakhale IKEA, kampani yaikulu yogulitsa mipando ndi katundu wa m'nyumba, imene inaigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, inaisiya mu 2009 n'kutenga zilembo zina zotchedwa Verdana, anthu ojambula n'kukwiya nazo. Komanso makope ena a Futura otola pa intaneti alibe ŵ, ndiye mukalemba Malaŵi kompyuta imabwereka chilembo cha mtundu wina, pakati pa mawu pamaoneka chigamba.

Tsono muchite bwanji?

Mayina a akwati, tsiku ndi malo zilembeni mu Futura yaikulu, ndipo muzipatse mpata wokwanira, pamenepo ndiye imawala. Ndondomeko ya mwambo ndi nyimbo ziikeni mu zilembo zotchedwa Georgia, saizi 12. Ngati mulibe Futura, Jost ya pa webusaiti ya Google Fonts ndi yaulere ndipo imafanana nayo. Musanapite kosindikiza, sungani fayilo ngati PDF kuti kompyuta yawo isakusinthireni zilembo, ndipo tsamba loyamba mupatse amayi awerenge kaye.