Kuwapezera amayi fulati mumzinda wa m'mphepete mwa nyanja: zoti muone musanasaine

Mayi wina wanditumizira imelo, ndipo funso lake mwachidule ndi ili: "Amayi anga ali ndi zaka 74. Bambo anatisiya, nyumba yawakulira, ndiye akufuna kusamukira mumzinda wa m'mphepete mwa nyanja yamchere komwe ine ndimagwira ntchito. Amadziphikira, amadzichapira, amayenda okha, ndipo za kumalo osungirako okalamba safuna n'kumva komwe. Ndiwapezere fulati yotani, ndipo ndiyambire pati?"

Achemwali, tsiku lomwe ejenti amakuonetsani fulati limakhala labwino nthawi zonse: makatani atsegulidwa, dzuwa likuwala, nyanja ikuoneka pawindo. Inu muziganizira tsiku lina, loti magetsi azima, chikepe chaima, namondwe ali panja ndipo bondo la amayi latupa. Fulati yoyenera ndi yomwe amayi angakhalemo okha pa tsiku limenelo, lero ali ndi zaka 74 komanso akadzafika 84.

Choyamba dziwani mtundu wa nyumba yomwe mukufuna, chifukwa otsatsa amasakaniza dala. Pali fulati wamba yomwe aliyense angachite lendi. Pali mafulati a achikulire okhaokha, nthawi zambiri oyambira zaka 55 kapena 60, omwe pa intaneti amalembedwa kuti independent living kapena retirement flats. Mmenemo munthu amadzikhalira yekha koma pamakhala woyang'anira, batani loitanira thandizo ndi chipinda chochezeramo. Ndiye pali malo omwe amasambitsa anthu ndi kuwapatsa mankhwala, omwe amayi anu sakuwafuna. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku America, mwachitsanzo, lamulo la 1995 limalola malo kutchedwa a anthu a zaka 55 kupita m'mwamba ngati mafulati 80 mwa 100 aliwonse okhalamo anthu ali ndi munthu mmodzi wa msinkhu umenewo. Dzina lokha silikuuzani kuti usiku pamakhala munthu woyankha batani. Funsani kuti likadinidwa 2 koloko usiku amayankha ndani, ali pomwepo kapena ali pa foni kutali, ndipo kiyi wa fulati ali naye ndani. Mafulati a achikulire otchipa, a boma kapena a mabungwe, amakhala ndi mndandanda wa odikira, choncho lembetsani malo angapo lero lomwe ngakhale musanatsimikize.

Tsopano nkhani ya nsanjika, yomwe anthu ambiri amaiphonya. Poganizira miyendo ya amayi, mtima umathamangira fulati ya pansi. Kumtunda zimenezo n'zoona, koma pagombe fulati ya pansi ndi yomwe madzi amayamba kulowamo. Namondwe akamakankhira madzi a m'nyanja kumtunda, ngalande za mumzinda zimalephera kutaya madzi a mvula, ndiye amabwerera m'misewu ngakhale kutali ndi gombe. Fulati ya pamwamba kwambiri nayonso imapangitsa moyo wonse kudalira chikepe. Mu October 2012, namondwe Sandy atawomba New York, madzi amchere analowa m'zipinda za pansi pa nthaka momwe munali zipangizo za magetsi ndi mapampu. Okalamba ambiri m'nyumba zazitali anakhala masiku angapo osatsika, opanda magetsi, ena opanda ngakhale madzi, pakuti madzi okwera m'mwamba amadalira pampu. Ine ndingasankhe nsanjika yoyamba kapena yachiwiri pamwamba pa ya pansi. Madzi safikapo msanga, ndipo chikepe chikafa amayi angathe kutsika masitepe pang'onopang'ono atagwira chitsulo.

Yesani zimenezi pa tsiku loona nyumba. Amayi akwere masitepe mpaka pakhomo la fulatiyo, inu muli pambali. Onani ngati pali chogwirira mbali zonse ziwiri, ngati pali malo opumira pakati, ndiponso ngati pali magetsi oyaka okha ena akazima. Za chikepe funsani zinthu zitatu: zilipo zingati, jenereta imayendetsa chikepe kapena imangoyatsa magetsi a m'njira, ndipo jeneretayo ili pati. Ikakhala pansi pa nthaka, idzamira nthawi yomwe ikufunika. Nyumba ya chikepe chimodzi ndi yovuta kwa wachikulire, chifukwa chikepe chikamasinthidwa chimatha milungu chisakugwira ntchito. Mizinda yambiri ya pagombe imasindikiza mapu a malo osefukira madzi ndi madera omwe anthu amasamutsidwa kukamabwera namondwe. Pezani adiresi pa mapu amenewo musanapite n'komwe. Mukafika, tsikirani koimika magalimoto muone m'munsi mwa makoma, chifukwa madzi akalowapo amasiya mzere.

Nkhani ina ndi mchere. Mphepo ya kunyanja imanyamula timadontho ta mchere tomwe timalowa mu konkire mpaka kufika pa zitsulo za mkati. Chitsulo chikachita dzimbiri chimafufuma, chimang'amba konkire, kenako zidutswa zimayamba kuyoyoka. Imani panja muyang'ane kunsi kwa makonde a m'mwamba. Mizere yofiirira yotsika pakhoma, ming'alu yotsata mzere wa chitsulo, ndi malo omwe chitsulo chikuonekera, zonsezo ndi ndalama zomwe wina adzalipire. Pa 24 June 2021, mbali ya nyumba ya nsanjika 12 ya Champlain Towers South ku Surfside, m'boma la Florida ku America, inagwa usiku ndipo anthu 98 anamwalira. Lipoti la injiniya la 2018 linali litanena kale za konkire wowonongeka kwambiri pansi pa malo a dziwe losambira, koma ntchito yokonza inachedwa. Chaka chotsatira boma la Florida linakhazikitsa lamulo loti nyumba zakale za nsanjika zitatu kupita m'mwamba ziziunikidwa ndipo eni ake azisunga ndalama zokonzera, ndiye ndalama zomwe eni mafulati amasonkha pamwezi zinakwera m'nyumba zambiri. Kugwa kwa nyumba n'kosowa. Chomwe chimachitika kawirikawiri ndi kalata youza eni mafulati kuti aliyense asonkhe ndalama zambiri nthawi imodzi, ndipo munthu wodalira penshoni alibe kozitenga. Ngati mukugula, pemphani lipoti laposachedwa la injiniya, ndalama zomwe zili m'thumba la zokonzera, ndi zomwe analemba pa misonkhano ya eni mafulati ya zaka ziwiri zapitazi. Akakana kukuonetsani, chokanipo. Ngati mukuchita lendi, mtolowo ndi wa landilodi, komabe amadzaubweza kudzera mu lendi, ndipo miyezi yokonza makonde imabwera ndi phokoso ndi fumbi kwa munthu wokhala pakhomo tsiku lonse.

Mchere umadyanso tinthu ting'onoting'ono: maloko, mahinjesi, mawilo a zitseko zokankha, makina oziziritsa mpweya. Amayi atsegule okha windo lililonse ndi loko aliyense. Chomwe inu mukutsegula ndi mphamvu pang'ono, dzanja la nyamakazi silitsegula.

Chinyezi nacho musachipeputse. Mukangolowa, nunkhizani musanayambe kucheza. Tsegulani makabati a zovala, yang'anani kuseri kwake ndi m'makona a denga la kubafa. Khoma limodzi lokha likakhala ndi penti watsopano, funsani chifukwa chake. Kachipangizo koyezera chinyezi n'kotchipa ndipo kamalowa m'thumba. M'nyumba chinyezi chikamakhala pamwamba pa 60 peresenti nthawi zonse, chuku chimayamba kumera, ndipo kwa munthu wa mphumu kapena chifuwa chosatha amenewo ndi maulendo a kuchipatala. Fulati ya mawindo mbali ziwiri imauma bwino kuposa ya mbali imodzi. Kubafa kukhale fani yotulutsira nthunzi kunja, ndipo ikani kapepala pafaniyo kuti muone ngati ikukoka. Funsaninso koyanika zovala, chifukwa zoyanika m'nyumba zimangowonjezera chinyezi.

Mkati mwa fulati pitani ndi tepi yoyezera, ndipo nthawi yambiri muithere kubafa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo ambiri mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Khomo lililonse, makamaka la kubafa, likhale ndi mpata wa masentimita 80 chitseko chili chotsegula, kuti choyendera kapena njinga ya odwala idzadutse ikadzafunika. Shawa ikhale yolowa osakweza mwendo. Bafa lakuya lolowamo modumpha m'mphepete ndi loopsa, makamaka potuluka mapazi ali onyowa. Zitsulo zogwirira zimaikidwa pa masentimita 85 mpaka 90 kuchokera pansi ndipo zimamangidwa ndi masikuluwu pakhoma lolimba. Zomamatira pa tailosi ndi mphira zimasomphoka munthu akaziyedzamira ndi thupi lonse, ndipo chitsulo choyanikapo thaulo sichinapangidwe kunyamula munthu. Kufupi ndi nyanja pemphani chitsulo chosachita dzimbiri cha mtundu wa 316, chomwe chimapirira mchere kuposa cha 304. Mpando wa chimbudzi ukhale pa masentimita 43 mpaka 48, chifukwa wotsika kwambiri umavuta podzuka. Chitseko cha kubafa chizitsegukira kunja kapena chikhale chokankhira m'mbali. Munthu akagwera kuseri kwa chitseko chotsegukira mkati, thupi lake limachitseka ndipo wothandiza salowa. Thirani madzi pang'ono pa tailosi mupondepo ndi phazi kuti mumve kuterera kwake. Madzi otentha a pampopi asapitirire madigiri 49 Celsius. Giza amayenera kusunga madzi pa madigiri 60 kuti tizilombo tisaswane, ndiye njira yake si kutsitsa giza koma kuika valavu yosakaniza madzi otentha ndi ozizira.

Zina n'zosavuta kuona: kachipupa kopunthwitsa pakhomo la kukhonde, zogwirira zitseko zopanikiza m'malo mwa zozungulira, ndi njira yochokera pabedi kupita kuchimbudzi, yomwe iyenera kukhala yaifupi ndi yowala usiku. Polowera m'nyumba pakakhala njira yotsetsereka m'malo mwa masitepe, izikwera mita imodzi pa mamita 12 aliwonse, osapitirira pamenepo.

Mukatuluka panja, yendani ndi amayi pa liwiro lawo, osati lanu. Sitolo ya zakudya, ya mankhwala ndi pokwerera basi zikhale mkati mwa mamita 400 kapena 500. Mapu amabisa chitunda, pomwe mizinda yambiri ya pagombe imayamba kukwera mukangochoka kunyanja, moti mamita 300 okwera ndi chikwama m'manja akhoza kumusunga munthu m'nyumba. Onani mabenchi opumirapo, mthunzi, ndiponso ngati maloboti amapatsa amayi nthawi yokwanira kuwoloka. Yezani nthawi yofikira kuchipatala cholandira odwala mwadzidzidzi pa ola lomwe misewu yadzaza, makamaka ngati njira yake ndi ya mlatho umodzi.

Pali china cha mizinda ya alendo okaona nyanja chomwe sichilembedwa pa malonda. M'nyumba zina mafulati ambiri amabwerekedwa kwa masiku ochepa kudzera pa Airbnb ndi ena otero. Anansi amasintha sabata iliyonse, ndipo nyengo ya alendo ikatha nyumba imatsala yopanda anthu, masitolo ena amatseka. Wachikulire wokhala yekha amafunika mnansi woti azindikire kuti lero makatani sanatsegulidwe. Funsani kuti mafulati angati ali ndi anthu okhalamo chaka chonse. Pitaninso kachiwiri madzulo kapena tsiku la mvula popanda ejenti, ndipo mucheze ndi wachikulire aliyense yemwe mungamupeze pakhomo. Ameneyo akuuzani kuti chikepe chinafa liti komaliza.

Pa mgwirizano, ngati n'kotheka amayi ayambe ndi lendi kwa chaka chimodzi, adutse nyengo ya mvula ndi mphepo, asanagulitse nyumba yakale n'kuika ndalama zonse pamalo amodzi. Werengerani zonse za pamwezi pamodzi: lendi, ndalama zoyendetsera nyumba, magetsi, madzi, ndi inshuwalansi ya katundu. Inshuwalansi zambiri sizilipira madzi osefukira pokhapokha mutawonjezera, choncho funsani mwachindunji. M'kalata ya mgwirizano mulembedwe kuti lendi idzakwera kangati ndi motani, kuti landilodi walola kuboola khoma poika zogwirira, kuti wosamalira odwala angathe kugona m'fulatimo, ndiponso kuti amayi akadwala n'kufunika kusamuka adzapereka chidziwitso cha nthawi yaitali bwanji. Mfundo yomalizayi ndi yomwe mabanja amaiwala, kenako amalipira malo awiri nthawi imodzi. M'malo a achikulire ena simugula fulati yeniyeni koma ufulu wokhalamo moyo wonse, monga zimachitikira kwambiri ku South Africa pansi pa lamulo la 1988, ndipo kwina amadula gawo la ndalama munthu akamachoka kapena akamwalira. Mgwirizano wotero uonedwe ndi loya wanu, osati wa wogulitsa, ndipo akuuzeni m'manambala ndalama zomwe zidzabwerere pakatha zaka 3, 5 ndi 10.

Dipoziti musatumize musanalowe m'fulatimo ndi kutsimikiza kuti wolandira ndalama ndi mwini wake kapena ejenti wolembetsedwa, chifukwa zithunzi za mafulati oyang'ana kunyanja n'zomwe akuba a pa intaneti amakonda kugwiritsa ntchito. Inu sankhani mafulati atatu okha omwe akwaniritsa za nsanjika, chikepe ndi bafa, ndipo pa atatuwo asankhe amayi, dzina pa mgwirizano likhale lawo. Tsiku lolandira makiyi jambulani chipinda chilichonse, makamaka pomwe pali dzimbiri ndi chinyezi, mutumize zithunzizo kwa landilodi tsiku lomwelo kuti zisadzadulidwe pa dipoziti.