Mndandanda umodzi wa ma symbol ukukana kugwira pa mapurosesa atatu

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Ali ndi laibulale ya C++ yomwe amaimanga pa Linux ya x86_64, ya aarch64 ndi ya ARM ya 32-bit. Pofuna kuti isamatulutse panja ma symbol onse (mayina a ma function ndi ma variable amene mapulogalamu ena amatha kuona), analemba version script imodzi, fayilo youza linker (pulogalamu yolumikiza zidutswa za code) mayina oyenera kutuluka. Mayinawo anawakopera pa zimene nm, chida choonetsa ma symbol, inamuonetsa. Pa x86_64 zonse zili bwinobwino. Pa ARM ya 32-bit, pulogalamu yodalira laibulaleyo ikudandaula kuti "undefined reference", pomwe pa aarch64 linker yotchedwa lld ikukana kumaliza, ikuti "symbol not defined". Akufunsa: kodi alembe mafayilo atatu?

Musatero, chifukwa tsiku lina mudzakonza imodzi n'kuiwala zinzake. Mavuto anu ndi awiri, ndipo gwero lake n'losiyana.

Loyambalo lachokera pokopera mayina pa nm. Dzina limene compiler ya C++ imapereka kwa linker limanyamulanso mitundu ya ma argument. Tiyerekeze muli ndi function yotchedwa werenga(char*, size_t). Pa x86_64 size_t ndi unsigned long, choncho dzinalo limatuluka _Z7werengaPcm. Pa ARM ya 32-bit size_t ndi unsigned int, dzinalo n'kukhala _Z7werengaPcj. Kachilembo kamodzi komalizirako ndi kamene kakupwetekani. Dzina la "m" lili pa global: (gawo la script la mayina otuluka) koma pa ARM ya 32-bit kulibe, la "j" lilipo koma silinalembedwe, ndiye lamezedwa mwakachetechete ndi local: *, mzere wobisa mayina ena onse. Nayonso int64_t imachita zomwezo, pa x86_64 "l", pa ARM ya 32-bit "x". Ena amathawira ku extern "C++" mkati mwa script kuti alembe mayina owerengeka, koma kumeneko mupezanso "unsigned long" ndi "unsigned int" zikusiyana, pokhapokha mutaika nyenyezi, werenga*, yomwe ingatulutsenso zina zimene simunafune.

Lachiwiri n'losavuta. Mwina pamndandandapo pali function ya AVX2 (malangizo ofulumizitsa ntchito a mapurosesa a x86), yomwe pa aarch64 simangidwa n'komwe. Ma linker akale ankangodutsa osanena kanthu, koma lld ya masiku ano imaima. Mukhoza kuitseka pakamwa ndi --undefined-version, koma ine sindikulangizani, poti chenjezo lomwelo ndi limene lingakugwireni tsiku lomwe mwalemba dzina molakwika. Ndipo dzifunseni: function ya AVX2 ikufuna chiyani panja? Kusankha pakati pa AVX2 ndi NEON, mnzake wa pa ARM, kuzichitika mkati, wakunja aziona dzina limodzi.

Ndikanakhala inu, chisankho cha zotuluka ndikanachiika mu code momwemo. Mangani ndi -fvisibility=hidden, yomwe GCC ili nayo kuyambira pa 4.0 mu 2005, kenako ikani macro ya __attribute__((visibility("default"))) pa zokhazo zoyenera kuonedwa. Compiler ndi imene imadziwa kuti size_t ndi chiyani pa purosesa iliyonse, ndiye isiyireni ntchitoyo. Version script itsale yaifupi, yogwira zimene zimalowa mozemba kuchokera m'ma static library. Pamenepo --exclude-libs,ALL imathandizanso, makamaka pa ARM ya 32-bit pomwe tima function ta __aeabi_, monga __aeabi_uidiv yogawa manambala, timatha kutulukira panja. Ngati n'kotheka, khomo la laibulale likhale la extern "C", chifukwa mayina a C sasintha ndi mitundu ya ma argument.

Zikakanikadi, pali ma symbol ofunika pa purosesa imodzi yokha, lembani fayilo imodzi yokhala ndi #ifdef __aarch64__ ndi __x86_64__, muidutsitse mu cc -E -P -x c musanaipereke kwa linker. Samalani kuti cc ameneyo akhale cross compiler wa purosesa yomwe mukumangira, osati wa makina anu. Anthu a Debian anakumana nazo kale izi: mafayilo awo a dpkg-gensymbols amalola kulemba (arch=amd64) kapena (arch-bits=32) patsogolo pa dzina.

Mukamanga, yendetsani nm -D --defined-only pa .so iliyonse (fayilo ya laibulale yomangidwayo), mudutsitse mu c++filt yomasulira mayinawo kuti awerengeke, musanje ndi sort, kenako mufananize ndi diff. Kusiyana kumene simungakufotokoze kuimitse build.

Mukadzafika pa macOS, version script kulibe. Kuli -exported_symbols_list, ndipo dzina lililonse limayamba ndi underscore yowonjezera. Pa Windows ya 32-bit, function ya stdcall (njira ina yoitanira ma function) imavekedwa mchira ngati @8, womwe pa x64 mulibe.