Lipoti la mwana lilibe nambala: mudziwa bwanji kuti akuphunzira?

Mayi wina wa ku Area 25 anandilembera imelo sabata yatha, ndipo wandilola kuti ndimuyankhire pano popanda kutchula dzina lake. Mwachidule akuti: "Mwana wanga wamkazi ali mu Sitandade 3 pasukulu ina yaing'ono ya Chikhristu yomwe imati imaphunzitsa mwa njira ya classical. M'kalasi mwawo alimo 14 basi. Akaweruka amangokhalira kuimba mawu a Chilatini, mavesi ndi mayina a mafumu akale, koma lipoti lake lilibe nambala, muli ndemanga zokhazokha za aphunzitsi. Bambo ake akuti tikungotaya fizi, timubwezere komwe anali, komwe ankakhala nambala 4. Ndidziwa bwanji kuti mwanayu akupita patsogolo?"

Mayi, bambowo ndikuwamvetsa, musakangane nawo. Tonsefe tinakulira tsiku lotsekera sukulu, ahedi ataima pakhonde ndi pepala m'manja, akuitana mayina kuyambira nambala wani, makolo akululutira pansi pa mtengo. Wokhoza bwino ankaphedwera nkhuku. Zimenezi zinatilowa m'magazi, moti lipoti lopanda nambala limaoneka ngati ndiwo zopanda mchere. Koma nambala imangokuuzani kuti mwana wanu waposa anzake angati. Sikuuzani zomwe iyeyo akudziwa. Ine ndinagwirapo choko pasukulu ya boma muno mu Lilongwe, m'zaka zotsatira 1994 pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere ndipo ana anasefukira m'makalasi. Ndinali ndi ana oposa 100, ambiri atakhala pansi, ndipo ndikukumbukira mnyamata wina yemwe anakhala nambala 6 chikhalirecho sankatha kuwerenga ndime yomwe sanaimvepo. Ankakhoza chifukwa ankaloweza zomwe ndalemba pabolodi. Nambala ija inandinamiza ine, inanamizanso makolo ake, mpaka zinadzaululika mu Sitandade 5 pamene mabuku anayamba kulimba. Mpaka lero zimandipweteka.

Komatu kusowa kwa nambala si umboni wakuti sukuluyo ndi yabwino. Ngati achotsa nambala, akusonyezeni china chogwirika m'malo mwake. Ndifika pamenepo, koma poyamba tione chomwe mwalowetsamo mwana wanu, chifukwa mawu akuti classical ayamba kulembedwa pazikwangwani ndi anthu ena omwe sangathe kuwafotokoza.

Maphunziro amenewa amatsamira pa magawo atatu akale a ku Ulaya otchedwa trivium: galamala, luso loganiza motsata mfundo, ndi luso lolankhula ndi kulemba mogwira mtima. Amene anawatsitsimutsa ndi mlembi wa ku England, Dorothy Sayers, m'nkhani yomwe anakamba ku Oxford mu 1947. Iye ndi amene anagawa magawo atatuwa potsata msinkhu wa mwana. Anati mwana wamng'ono ali ngati chinkhwe, amakonda kubwereza ndi kuloweza, choncho mudyetseni mfundo zambiri nthawi imeneyo. Akafika msinkhu wa makani, muphunzitseni kutsutsa mwanzeru, ndipo akasinkhuka muphunzitseni kuyala maganizo ake pagulu. Akhristu ena ku America anatola maganizo amenewa n'kutsegula Logos School ku Moscow, m'boma la Idaho, mu 1981, ndipo sukulu zambiri zamtunduwu zinaonera pamenepo. Chaka chomwecho cha 1981 n'chimenenso Kamuzu Academy inatsegulidwa ku Mtunthama, ku Kasungu, Chilatini ndi Chigiriki zili pakati penipeni pa maphunziro. Choncho Chilatini si chachilendo kwenikweni m'Malawi muno, kungoti chinali cha ochepa.

Ndiye mwana wanu wa Sitandade 3 akamangoimba ndi kuloweza, sikuti aphunzitsi asokonezeka. Ali pagawo loyamba lija, ndipo ndi mmene anakonzera. Kuloweza pakokha ine sindikuda. Mwana yemwe matebulo a kuchulukitsa ali pamlomo savutika akafika pa kugawa kwautali, chifukwa mutu wake sutanganidwa ndi kuwerenga zala. Ifenso tinaloweza katekisma ndi Salmo 23, ndipo mawu amenewo ndi omwe amatigwira pamaliro usiku, nyali itazima. Pomwe ndimasiyana ndi ena mwa okonda njirayi ndi apa: kugawa misinkhu kuja anali maganizo a Sayers mwini, si lamulo la chilengedwe. Mwana wa zaka 8 amaganiza kale, amafunsa kale "chifukwa chiyani" mpaka kukutopetsani. Sukulu yomwe ingakuuzeni kuti kumvetsa kudikire mpaka Fomu 1 yatenga mfundo yabwino n'kuipitiriza muyezo. Ndipo kuloweza kumakongola pamaso pa makolo. Tsiku la zochitika ana atavala yunifolomu yosita, akulakatula mavesi 20 osaphonya, aliyense amatuluka misozi. Chikomekome cha mkuyu, akuluakulu anatichenjeza. Muyenera kung'amba mkuyuwo kuti muone m'kati.

Njira yoyamba yong'ambira ili m'chikwama cha mwana wanu usiku uno. Tulutsani makope ake onse, muwayale patebulo. Tsegulani tsamba loyamba la mu Seputembala, pamene chaka chinayamba, mulifanizire ndi tsamba la sabata ino. Musayang'ane machongi ofiira okha. Onani ngati zilembo zayamba kukhala pamzere, ngati b ndi d asiya kusinthana, ngati ziganizo zatalika, ngati muli mawu ake a mwanayo kapena zonse n'zokopera pabolodi. Kenaka fufuzani pomwe analakwitsa. Apa ndi pomwe pamagona nkhani yonse ya kalasi yaing'ono. Ine ndi ana anga 100 aja ndinkachonga makope pamwamba pa njinga ndi pa bondo, kungoika chongi kapena mtanda, nthawi yolemba ndemanga panalibe. Mphunzitsi wa ana 14 alibe chonamizira. Mwana akalakwitsa 43 kuchotsera 17 n'kulemba 34, mphunzitsi watcheru amadziwa kuti mwanayo akungochotsa nambala yaing'ono ku yaikulu m'danga lililonse, sanamvetse za kubwereka. Payenera kuoneka kuti anakhala naye, anamupatsa ina yofanana, ndipo masamba awiri kutsogolo vutolo latha. Mukapeza cholakwa chomwechomwecho kuyambira Okutobala mpaka Malichi, mtanda pamwamba pa mtanda, dziwani kuti mukulipirira kalasi yaing'ono koma mwana akuphunzitsidwa ngati ali m'chigulu.

Njira yachiwiri ndinaionera pasukulu ina yaing'ono yamtunduwu cha ku Likuni, komwe mnzanga anandiitana kuti ndikhale kumbuyo kwa kalasi. Mphunzitsi anawerenga nkhani ya Yosefe ndi abale ake kamodzi kokha, natseka buku, n'kuloza kamtsikana kena kuti kafotokoze. Kanaimirira, kakupotokola mpendero wa diresi, n'kuyamba: "Abale ake anamuchitira jelasi chifukwa cha malaya..." Kanafika pa dzenje n'kuima. Mphunzitsi sanakathandize, anangodikira, manja ali kumbuyo. M'kalasi munali zii, kumveka njinga yamoto kunja kokha. Patapita kanthawi kanati, "Koma Rubeni sanafune kuti amuphe." Mnyamata wina anakweza dzanja n'kufunsa chifukwa chomwe Rubeni sanakanene kwa bambo awo. Anakambirana funso limenelo mphindi zisanu zathunthu. Kudikira kwa mphunzitsi uja ndi komwe kunandiuza kuti pasukulupo pali maphunziro. Njira yomuuza mwana kuti abwereze nkhani m'mawu akeake inatchuka ndi mphunzitsi wina wa ku England, Charlotte Mason, ndipo sukulu zambiri za classical zinaitengera. Koma kunena zoona agogo athu ankaidziwa kale: yemwe wamva nthano madzulo ano ndi amene mawa adzayambe "Padangotero" kwa anzake.

Inunso chitani zomwezo kunyumba. Muwerengereni kankhani komwe sanakamvepo, ka m'nyuzipepala kapena ka m'buku lobwereka ku National Library ku City Centre, kenaka mumuuze akufotokozereni pamene mukusadzula mphika. Chitani m'Chingerezi tsiku lina, m'Chichewa tsiku lina. Mupatsenso tsamba lachilendo awerenge mokweza kwa mphindi imodzi, inu muwerenge mawu omwe watchula bwino, mulembe nambalayo ndi deti kuseri kwa kalendala. Bwerezani pakatha mwezi ndi tsamba lina la mulingo womwewo. Nambala imeneyo ndi yomwe mungawaonetse bambo ake, chifukwa ikumuyerekeza mwanayo ndi mmene analili iye mwini.

Za Chilatini musaope. Mwana wolankhula Chichewa ali ndi mwayi womwe ana a ku America alibe. Akamaimba "amo, amas, amat" akungonena kuti ndikonda, ukonda, akonda. Chilatini chimasintha kumchira kwa mawu, Chichewa chimasintha kumutu, koma nzeru yake ndi imodzi, pamene Chingerezi chimafuna mawu apadera oimira munthu. Ngakhale a, e, i, o, u wa Chilatini amamveka pafupi ndi wathu. Mufunseni mwanayo kuti "amat" ndi chiyani m'Chichewa. Akayankha kuti "akonda", ndiye kuti nyimbo ija yalowa m'mutu, siyinathere pakhosi. Akangoti kukamwa yasa, kawauzeni aphunzitsi, mwaulemu, kuti azilumikiza ziwirizi. Ndipo pomwepo muwafunse kuti Chichewa chimaphunzitsidwa kangati pasabata. Zimandiwawa ndikaona mwana wa ku Kawale wodziwa mayina a mafumu a ku Roma koma osatha kuwalembera kakalata agogo ake a ku Mitundu. Ngati cholinga ndi kudziwa mizu ya chilankhulo, muzu woyamba ndi womwe anayamwira.

Izi zikundifikitsa pomwe ndikuganiza kuti bambo ake ali ndi mfundo yolimba, ngakhale mwina sanaitchule. Sukulu zina zamtunduwu zimagwiritsa ntchito mabuku ochokera ku America, momwe masamu ake ndi a madola ndi mainchesi, nyengo zake ndi za chipale chofewa, mbiri yake ndi ya George Washington. Koma mwana wanu, ngati mukufuna adzasankhidwire ku sekondale ya boma, adzakhala pa mayeso a MANEB a Sitandade 8, ndipo kumeneko kuli pepala la Chichewa, kuli John Chilembwe ndi 1915, kuli 6 Julaye 1964, kuli mtsinje wa Shire ndi makilogalamu a chimanga. Pitani kwa ahedi mukafunse mosapita m'mbali: kodi sukuluyi inalembetsedwa ku Unduna wa Zamaphunziro? Ana anu amalemba mayeso ati, amakalembera kuti? Silabasi ya boma mumayamba kuilowetsa kalasi iti? Omwe anamaliza kuno ali kuti lero? Sukulu yodziwa chomwe ikuchita imayankha mafunso amenewa mosanyinyirika, mwinanso kukutulutsirani mapepala. Mukaona akukuyankhani ndi vesi m'malo mwa yankho, khalani tcheru. Sitandade 3 nthawi ikadalipo, koma musadzayambe kufunsa mwana ali mu Sitandade 7.

Pa za Chikhristu ndinenepo pang'ono, poti ndi chifukwa chinanso chomwe munamutumizira kumeneko. Mavesi oloweza ndi chuma, koma Baibulo lomwelo limayembekezera kuti ana azifunsa. Pa Eksodo 12:26 ndi pa Yoswa 4:6 makolo akuuzidwa zoyankha ana akadzafunsa tanthauzo la mwambo ndi la miyala ija. Pa Luka 2:46 Yesu wa zaka 12 akupezeka pakati pa aphunzitsi, akumvetsera ndi kuwafunsa mafunso. Choncho mufunseni mwana wanu kuti ndani anafunsa funso m'kalasi lero, ndipo aphunzitsi anatani. Nkhope yake idzakuuzani ngati kufunsa kumaloledwa kapena kumatengedwa ngati mwano. Muonenso ngati vesi silikugwiritsidwa ntchito ngati chikwapu, kumulembetsa mwana ka 50 chifukwa wachedwa. Mwana wotero amadzadana ndi buku lomwe munkafuna alikonde.

Ndemanga za palipoti muziwerengenso ndi diso lina. "Akuchita bwino, apitirize" angalembere mwana aliyense mu Lilongwe. Koma mukapeza zonga "wayamba kuwerenga osaloza ndi chala, akuvutikabe ndi tebulo ya 7", ndiye kuti pali munthu yemwe akumudziwa mwana wanu, ndipo chimenecho n'chomwe ine ndinalephera kumupatsa mnyamata wanga wa nambala 6 uja.

Maganizo anga ndi akuti musamusamutse pakati pa chaka. Mwana akasintha sukulu amataya masabata angapo akuzolowera nkhope zatsopano. M'malo mwake pemphani kukakhala kumbuyo kwa kalasi tsiku wamba, Lachiwiri kapena Lachitatu cha m'ma 10 koloko, pamene palibe chokonzekera alendo, ndipo ngati kungatheke mupite nawo bambo ake, ngakhale ola limodzi lokha asanathamangire ku ntchito. Makope aja muwatenge. Mukabwerako mundilemberenso, ndikufuna kumva zomwe mwapeza patsamba la masamu la mu Okutobala, komanso ngati mphunzitsiyo amatha kudikira mwana akaima pakati pa nkhani.